A Reinford Akana Katemera wa ku Jeremani

Kodi mungalote chimene chinagonjetsa a Reinford Chimphonda, munthu amene namwino anamulephera, mkazi wake namulepheranso?

A Reinford anali kalaliki pa ofesi ina ku City Centre. Ankanyadira sukulu yawo, ndipo akamva munthu akutchula za asing'anga ankaseka mpaka kugwira nthiti. Tsiku lina atatumidwa kukasiya mafayilo kunyumba kwa bwana ku Area 10, galu wosadziwika mwini wake anatulukira mumpanda wa maluwa, nawaluma pakatumba, n'kuzimirira. Popeza galuyo sanapezekenso, kuchipatala anawauza kuti ayambe katemera wa chiwewe, wobayitsa kangapo pa masiku oikika.

Majakisoni oyambirira anachokera m'kabokosi kolembedwa Chifalansa. A Reinford anakawerenga mokweza ngakhale kuti Chifalansacho sankachidziwa. Ulendo wotsatira namwino, mayi Consolata, anatulutsa kabokosi kena.

"Pepani mayi, ameneyu si uja," anatero a Reinford.

"Uja watha, bambo. Uyu ndi wa ku Jeremani, koma ntchito yake ndi imodzimodzi. Vulani jekete."

"Afalansa ndi Ajeremani munamvapo kuti agwirizana? Ine mbiri ndinakhoza bwino kusukulu. Thupi langali lisasanduke bwalo la nkhondo."

"Chiwewe sichidikira katundu wa ku France, bambo. Chikangoyamba, mankhwala palibe."

"Ndidikira ineyo."

Anatuluka chifuwa chili patsogolo. Panjira mtima unawakumbutsa kuti kwawo ku Mitundu anthu amati mankhwala a asing'anga awiri amamenyana m'thupi, zomwe iwo ankaziseka zija. Anauyankha kuti zawozi zinali zasayansi, pakuti anaziganiza atavala tayi.

Kunyumba akazi awo, a Ursula, anachonderera. "Bambo a Kenani, mukufuna ndivale zakuda chifukwa cha kabokosi?"

"Zimenezi n'zakuya, mayi," anayankha. Komabe ankadziwa kuti munthu wachiwewe madzi amamukanika kumeza, choncho ankati akazemba pang'ono, n'kukamwa pampopi kuti aone ngati akadali munthu.

Mawa lake masana anatsikira ku Area 2 kwa Mikaili, telala amene anazolowerana naye kuyambira kale, kukatenga malaya atsopano.

"Achimwene, mukadayankhula kapena mwayamba kuuwa?" anafunsa Mikaili, phazi lili pamakina. "Neneranitu, ndibise miyendo."

"Iwe soka nsalu. Za magazi usiyire ife ophunzira."

Malayawo anawavalira pomwepo, namanga mabatani mpaka kukhosi, n'kukokera tayi pamwamba. Dzuwa la mwezi wa Okutobala linali likuswa mtengo, ndipo Mikaili anawapatsa kapu ya madzi. A Reinford anapapira, koma kukhosi kunachita ngati kwagwidwa ndi dzanja. Anatsamwa, madzi n'kubwerera m'mphuno. Anayesanso, zomwezo. Mikaili anasiya kuseka, nakankhira mpando wake kumbuyo.

Liwiro limene anathamanga a Reinford ena amalikambabe. Anyamata ofunsa makadi a chipani pachipata cha msika atangoona maso awo anapatuka okha. Jekete inatsala kwa telala, ulemu wa ukalaliki unatsalira m'fumbi, mbiri ya Afalansa ndi Ajeremani nayonso sinafike nawo kuchipatala.

"Mayi, bayeni! Wa ku Jeremani, wa kulikonse, ngakhale wa ng'ombe!"

"Nkhondo ija yatha?" anafunsa mayi Consolata akutsegula kabokosi.

"Agwirana chanza, mayi. Fulumirani, madzi akundikana!"

Anavula tayi ndi malaya, singano n'kulowa paphewa. Namwinoyo anawayang'ana m'maso, nawagwira pamphumi, kenaka anawapatsa madzi. Anamwa kapu yonse osapumira, napempha ina.

"Ajeremani ndi anthu achangu!" anatero akupukuta pakamwa.

"Palibe katemera wachangu chotero, bambo. Mubwerenso kudzamaliza otsalawo."

Anamalizadi onse pa masiku ake, osayang'ananso kabokosi, ndipo chiwewe sichinawakhudze. Ku ofesi ankafotokoza kuti nkhaniyo anaisinkhasinkha mofatsa monga munthu wophunzira, koma akatero ankayamba kuseka okha asanamalize.

Chimene chinawagonjetsa inali kolala ya malaya atsopano aja. Mikaili anaisoka yothina.