Maso Obwereka

Adalaivala a basi ya ana asukulu amadwala shuga, ndiye abwana awo anawauza mosapsatira: "Kajambulitseni maso kuchipatala. Akapeza vuto, makiyi musiye."

Koma mantha ake! Pajatu diso lawo lakumanzere linali litayamba kale kuona timadontho takuda, ngati ntchentche zosathamangitsika. Ngakhale akazi awo, amene amadziwa za nyumba iliyonse mumsewu wawo, izi sankazidziwa.

Ndiye mukuti anatani? Anapita kwa mng'ono wawo, kalipentala, amene amafanana nawo mpaka dazi.

"Iwe maso ako ndi abwino. Ukangoyankha dzina langa basi, akujambule."

"Achimwene, mukufuna mundimangitse?"

"Akumange ndani? Makina sadziwa nkhope."

Kuchipatala namwino anadontheza mankhwala m'maso mwa kalipentala, akuti kuti mkati muoneke bwino. Kenako anamuuza kuti aike chibwano pa kachitsulo ka makinawo, asaphethire. Kuwala kunangoti ng'anii, diso ili, kenako linalo. Adalaivala anakhala pabenchi kumbuyo ngati woperekeza, akufinya chipewa, thukuta kamukamu.

Pakompyuta panatuluka chithunzi chozungulira, chofiirira, cha timitsempha ngati mizu. Adokotala, mayi wamagalasi, anachiyang'anitsitsa. Anachikulitsa. Kenako anatembenukira kwa kalipentala.

"Bambo, timadontho tofiirati ndi magazi," anatero. "Shuga waboola timitsempha ta kuseri kwa diso. Tikachedwa, khungu. Mapiritsi anu mukumwa?"

"Ndi... ndikumwa," anatero kalipentala.

Adalaivala anadzidzimuka pabenchi paja. Shuga? Mng'ono wawo? Apa m'pamene anakumbukira momwe mnyamatayo ankagugudizira madzi jagi yonse, ndi momwe thalauza linkamuvukira, iwo n'kumamuseka kuti alamu sakumudyetsa.

"Ngati mukumwa, ndiye kuti akuchepa mphamvu," anatero adokotala, akutenga cholembera. "Ndikuwonjezerani."

Eti kumuwonjezera munthu amene sanalawepo ngakhale piritsi limodzi!

Kalipentala anatembenuka. Maso ake anali bii ndi mankhwala aja, misozi ili chuchuchu, akusuzumira mbali yolakwika.

"Achimwene, muli pati? Sindikukuonani."

Adalaivala anagwira makiyi m'thumba mpaka anawabaya m'manja. Cholembera chinali chitayamba kale kuyenda.

"Adokotala, taimani." Anadzuka. "Mapiritsiwo amamwa ndine, dzinalonso ndi langa. Uyu ndi mng'ono wanga. Sanayezetsepo chibadwire."

Adokotala anavula magalasi, n'kuyang'ana dazi ili, n'kuyang'ana linalo.

"Akuluakulu inu, manyazi mulibe? Ndipo inu mumanyamula ana a eni!" Anaitana namwino. "Ang'ono awowa agwireni dzanja, akayezetse magazi pompano, m'dzina lawo." Kenako anawalozera adalaivala makina. "Inu, chibwano apa."

Adalaivala anatulutsa makiyi a basi aja, n'kuwaika patebulo okha, asanauzidwe. Anakhala pampando umene mng'ono wawo anausiya wotentha.

"Yambani lakumanzereli," anatero.