Minga ya M'mbali mwa Mbale

"Nsomba? Akuti ndizimupatsa nsomba!" Mayi wina wochapa zovala anaponya khadi la kusikelo patebulo ngati lamuwotcha. "Anamwino amenewo analipo tsiku limene mwana wanga anatembenuza maso?"

Mlamu wake, mchemwali wa malemu mwamuna wake, sanacheuke n'komwe. Anali pambaula, akukazinga nsomba m'mafuta akuda bii, omwe aja a sabata yatha.

"Ine ndinanena kale," anatero mlamuyo. "Mwana wasanduka Kanthiti, nthiti zonse pamtunda ngati ambulera yong'ambika. Ngati zakukanikani, alamu, ndipatseni ndilere."

"Mulere inu? Inu amene munam'dyetsa munga?"

Nkhani yake inali yotere. Miyezi isanu yapitayo mwanayo, wa zaka ziwiri, anameza munga wa nsomba yokazinga. Mayi ake anathamanga naye kuchipatala opanda nsapato, mpango wakumutu utagwera panjira. Munga anauchotsa, koma kuyambira tsikulo nsomba sinafikenso pakamwa pa mwana. Mazira ankamutulutsa zidzolo. Nyama ya kubutchala ya Asilamu inkalowa m'nyumbamo kamodzi pamwezi. Mwana anangotsala ndi phala loyera, n'kuyamba kufota. Tsono lero anamwino ananena mosapsatira: pakatha masabata atatu sikelo osakwera, mwana agonekedwa. Mayiyo anali ataika mwamuna m'manda chaka chatha. Ankadziwa kuti pabedi la chipatala ena amagonapo osadzukanso.

Mkazi wamasiye malangizo amam'gwera ngati mvula, koma wom'gwirira poto sapezeka.

Pakona, pafupi ndi makina osokera ofundidwa nsalu, panakhala apongozi ake, a Telala. Maso anawathawa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. M'nyumbamo anthu ankawadutsa ngati kabati. Chakudya ankangowaikira pamwendo, basi.

"Mayi," anatero a Telala, "nsomba yatsalako yaiwisi?"

"Imodzi, bambo."

"Muipale mamba, muitsuke bwino. Lero ndiphika ndine."

Mlamu uja anaseka chikhakhali. "Abambo inu, tiyi mumathira pamalaya, lero mukhale khukhi?"

"Iwe, wakhungu akati ndikugenda ndiye kuti waponda mwala. Chotsa chiwaya chakocho. Mafuta akewo akununkha ngati a m'galimoto."

Mayi wochapa anafuna kukana, koma munthu sakanira apongozi pamaso. Anachita zimene anauzidwa, uku mtima ukuwira. M'poto anathira madzi pang'ono, anazondotsamo kambale kachitsulo, pamwamba pake n'kuika mbale ina. M'mbalemo anagoneka nsomba, tomato woduladula, chidutswa cha dzungu ndi kamchere ka pansonga ya zala. Tsabola ayi, mafuta ayi. Kenako anavindikira.

"Ndiye tikuphika kapena tikufukiza wodwala chimfine?" anafunsa mlamu.

"Mafuta otentha amaumitsa minga," anayankha a Telala. "Imathyokathyoka n'kubisala mumnofu. Nthunzi imafewetsa mnofu wokha, munga n'kutsala wathunthu. Wathunthu sabisala."

Kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya masana. A Telala anasamba, anaswali atakhala pampando wawo chifukwa mawondo anali atakana kale. Pomaliza, nsomba inali itapsa ndi kuzizirako. Anapemphanso madzi ndi sopo, nasamba m'manja katatu, chala ndi chala, mpaka m'zikhadabo.

"Bismillah."

Apa mayi wochapa anasendera pafupi.

Zala zija, zimene zinkanjenjemera pogwira kapu, zitangokhudza nsomba zinaima nji. Chala chachikulu chinayenda pamsana ngati chikulondola msoko wa jekete. Khungu linasendeka lonse, osang'ambika. Anatsegula nsombayo pakati monga atsegulira buku, n'kunyamula fupa lamsana lathunthu, mutu ndi mchira zili pomwepo. Kenako anayamba kutsina mnofu pang'onopang'ono, akuupekesa pakati pa zala ziwiri. Zala zinkaima, zinkabwerera, n'kusolola kamunga kopyapyala ngati tsitsi, koti munthu wamaso awiri sakanakaona. Munga uliwonse ankauika m'mbali mwa mbale, waukulu pa waukulu, waung'ono pa waung'ono, ili ndanda ngati masingano papepala.

Mayiyo anauzindikira mzere umenewo. Zaka zonsezi wakhala akutsuka mbale ya a Telala, n'kumakokolola minga yondanda chonchi kutaya kudzala, osafunsa ngakhale tsiku limodzi kuti munthu wosaona amaindanditsa bwanji.

"Mashallah," ananong'ona mlamu uja, chipande chili m'manja, nsomba zake zikupserera.

"Zaka makumi anayi ndikulowetsa ulusi pasingano," anatero a Telala osatukula mutu. "Maso anapita, zala zinatsala. Mwamuna wanuyo, mayi, ali wamng'ono ngati uyu, ndinkam'tolera minga chomwechi. Amayi ake analibe mtima wodekha, ngati mwana wawoyu."

Anaika munga wina pamzere.

"Tsiku lija ndinamumva mdzukulu wanga akutsamwa. Ndinali pano pomwe. Ndikanafunsidwa m'mawa wa tsikulo, nsomba ija ikanadzera m'manja muno. Koma ndani afunsa kabati?"

Mayiyo anayang'ana pansi.

A Telala anapota mnofu uja pamodzi ndi dzungu ndi tomato, nathirapo msuzi wotsalira m'mbale, mpaka zonse zinasalala. Anapekesanso kachiwiri, kenako kachitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Bwera kuno, bwana wamkulu."

Mwana anakwera pamwendo pa agogo ake. Mayi ake anaimirira pambali, dzanja lili pakhosi pawo, miyendo yokonzeka kuthamanga. Supuni yoyamba mwana anaisunga m'kamwa, akuyang'ana aliyense. Kenako anameza. Panalibe kutsokomola. Anayasamanso yekha, ngati kambalame m'chisa. Supuni yachisanu anailanda, n'kudzipaka dzungu mpaka m'makutu.

"Alhamdulillah," anatero mayiyo, misozi ili chuchuchu, osaipukuta.

Mawa lake anabwera kuchokera kochapa atagula nsomba ina. Anaiphika pa nthunzi chimodzimodzi, anatola minga yekha, maso ali tong'o, pafupifupi ola lathunthu. Atakhutira anapereka mbale kwa a Telala monyadira.

Zala zija zinangodutsamo kamodzi. Umodzi. Iwiri. Itatu. Timinga titatu tinagona m'mbali mwa mbale.

Mayiyo anatiyang'anitsitsa. Akanapanda kupereka mbaleyo, timeneti tikanapita kuti?

"Maso ndi abodza, mayi. Amaona zoyera pa zoyera n'kunena kuti zatha. Ine sindikhala pampando pano mpaka kalekale. Mawa mutsinzine."

"Ndiye m'nyumba muno akhungu akhala awiri," anatero mlamu, koma liwu lake linalibenso mano. Chiwaya chake cha mafuta akuda chinali chitakhala panja, chozondotsedwa.

Tsiku lachitatu mayi wochapa anasamba m'manja katatu, anati Bismillah, natsinzina. Zala zake zokakala ndi sopo wa anthu ena poyamba sizinamve kanthu. Anafuna kutukwana, anadzigwira. Anapekesanso pang'onopang'ono. Kenako kena kake kanam'baya pansonga ya chala, kakang'ono ngati nsidze. Anakasolola. Anapeza kena, ndi kenanso. Mumdima umenewo nsomba yonse inayamba kuoneka.

Atamaliza anaika mbale pamwendo pa apongozi ake. A Telala anapekesa mnofu wonse, mbali ino ndi mbali inayo. Anabwerezanso. M'mbali mwa mbale munalibe choika.

Sanamuyamikire. Anangotambasula dzanja n'kunena kuti, "Supuni ili kuti? Bwana akudikira."

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, mayiyo ananyamula mpando wa a Telala kuuchotsa pakona paja, n'kukauika pafupi ndi tebulo, pakati pa iye ndi mwana.