Indiketa ya Kumanja

Levison Mvula anali ndi zinthu zambiri zomunyansa pa dziko lino, ndipo pafupifupi zonse zinkapezeka pamsewu kapena pabwalo la mpira. Mkati mwa sabata ankayendetsa kavaneti kake koyera, kututa katundu wa eni mashopu a ku Katete: matumba a shuga, makatoni a sopo, tsiku lina mbuzi. Loweruka ndi Lamlungu ankavala kabudula wakuda n'kukaimbira mpira m'mabwalo afumbi a ku Mkaika ndi midzi yozungulira. Ntchito ziwirizi iye ankaziona ngati imodzi. Konseko kunali malamulo, ndipo konseko anthu ankachita ngati sanawamvepo.

Wa minibasi akaima pakati pa msewu kuti akweze munthu mmodzi ndi thumba lake la mbatata, Levison ankasunga nambala yake m'mutu mwezi wathunthu, osaichitira kanthu, kungoisunga basi. Wosewera wogubuduka pansi atagwira mwendo wakumanzere pamene wamenyedwa wakumanja ankamukwiyitsa kwabasi. Ochemerera okuwa kuti ofusayidi pa mpira woponya ndi manja ankawayang'ana ngati anthu odwala. Koma mdani wake weniweni anali dalaivala wosalemekeza indiketa.

Pamsewu waukulu wa ku Lusaka pali chilankhulo chimene sichinalembedwe m'buku lililonse. Lole ikakhala patsogolo pako n'kuyatsa indiketa ya kumanja, ikukuuza kuti usayerekeze kuipitirira, kutsogolo kukubwera chinthu chimene iwe sukuchiona. Ikayatsa ya kumanzere, ndiye kuti njira yayera, dutsa. Levison ankati dalaivala wakutsogolo ali ngati wogwira mbendera m'mbali mwa bwalo: waima pamene iwe sunaime, ndipo akakweza mbendera umamvera, mafunso pambuyo. Mawu amenewa anawanenapo pamaliro, paukwati, ndi pamzere wogula fetereza, ndipo panalibe anamufunsa.

Anali ataimbira mpira wa m'midzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chaka chimenecho akuluakulu a mpira ku Chipata anali ndi malo amodzi okha a woimbira mu ligi ya chigawo, ndipo Levison, pa zaka makumi anayi ndi zinayi, anali pa chaka chake chotsiriza choti angamulandire. Anamuuza kuti Loweruka akaimbire ku Sinda, masewero a timu ya kumeneko ndi ina yochokera ku Vubwi, 15 koloko, ndipo Mayi Judith Lungu adzabwera ndi pepala lawo kudzamuona mmene amaimbira. Levison anagula malaya atsopano achikasu ndi wezulo watsopano. Malowo ankawafuna koopsa. Ankafuna kuti kamodzi kokha m'moyo mwake aimbire pabwalo lokhala ndi mizere ya laimu, osati ya phulusa, koma zimenezi sanauze ngakhale mkazi wake.

Anayenera kunyamuka 13 koloko. Koma womugwirira mbendera wake wa masiku onse, Karimu, mwini shopu ya nsalu wobadwira ku Malawi, sakanatseka shopu Loweruka masana, ndipo mkazi wake Asma amene ankati adzakhalamo anachedwa kunyumba. Levison anadikira panja injini ikulira, kuti aliyense wodutsa adziwe kuti pali munthu akudikira. Ananyamuka 14 koloko itatsala pang'ono kukwana. Sinda si patali, ndipo nthawi inalipo yokwanira ndithu.

Atangotuluka m'tauni anaipeza lole. Inali yakale, yobiriwira m'malo amene utoto unatsala, itasenza zimatumba za thonje mpaka kutuluka m'mbali monse muwiri, moti kumbuyo kwake sukanaona chilichonse koma thonje. Inkayenda liwiro la ngolo ya ng'ombe zokhuta. Levison anasintha giya, n'kusendera pafupi kuti aipitirire, ndipo anaona indiketa ya kumanja ikuphethira. Anabwerera m'malo mwake, n'kugwedeza mutu mothokoza. Anauza Karimu kuti madalaivala akale ngati ameneyu atsala ochepa.

Karimu anali atatsegula kale kapepala ka nsawawa zokazinga, makoko ake akugwera pansi m'galimoto, chinthu china chimene Levison ankadana nacho koma anali atachisiya m'manja mwa Mulungu. Anayenda makilomita atatu. Kumanja kunadutsa njinga ziwiri zakapalasa ndi mayi wina wosenza nkhuni. Indiketa inkaphethirabe.

"Achimwene," anatero Karimu, "msewutu ndi woyera uwu."

Levison anayankha kuti wakutsogolo akuona zimene iwo sakuona. Karimu anati mwina akuona za mawa. Kuti amutseke pakamwa, Levison anasuzumira pang'ono kumanja, ndipo mwatsoka lake basi yaikulu ya ku Lusaka inatulukira pakona nthawi yomweyo, hutala ili pii, n'kudutsa ndi mphepo imene inagwedeza kavaneti konse. Zimenezi zinathetsa nkhani. Levison anangoyang'ana Karimu, ndipo kuyambira pamenepo dalaivala wa loleyo anali munthu woti sanganame.

Kenaka zinayamba zopweteka. Galimoto yaing'ono yofiira inabwera kumbuyo kwawo, n'kuwapitirira onse awiri, vaneti ndi lole yomwe, osachita ngozi ina iliyonse. Inatsatira minibasi, kondakitala wake atatulutsa mutu pawindo n'kumuyang'ana Levison ngati akufuna kudziwa ngati ali moyo. Inatsatira njinga yamoto itakweza anthu atatu ndi nkhuku. Levison anawatchula onsewo kuti mbuli, mmodzimmodzi, ndipo anati anthu ngati amenewa ndi amene amadzaza zipatala. Timaulusi ta thonje tinkauluka kuchoka pa lole n'kumamata pagalasi. Thukuta linayamba kudontha m'malaya achikasu aja.

Itakwana hafu pasiti 14, Karimu anaimbira foni Ronald Miti, mphunzitsi wa ku Sinda amene anayenera kugwira mbendera yachiwiri tsikulo. Ronald naye ankaimbira mpira, ndipo Levison sankamuwerengera, chifukwa munthuyo ankamwetulira poimba wezulo ndipo ankaitana osewera ndi maina awo ngati ana a m'kalasi mwake. Ronald anayankha kuti Mayi Lungu afika kale, akhala pampando, ndipo anena kuti mpira uyamba 15 koloko ndendende popeza a ku Vubwi ali ndi ulendo wautali wobwerera. Anawonjezera kuti iye wawatsimikizira amayiwo kuti a Mvula sanachedwepo chiyambire.

Apa Levison anayamba kuchita mantha, mantha enieni. Anasendeza galimoto kumanja mpaka tayala linaponda mzere woyera, koma kanyali kachikasu kaja kanamuphethira pamaso, ndipo mwendo wake unakana kuponda mafuta. Zaka zonsezi anali atalalikira za indiketa kwa anthu osafuna kumva, ndipo kuti aipitirire lero, Karimu akuona, n'chinthu chimene thupi lake silinkadziwa kuchita. Karimu anasiya kudya nsawawa. Anati iye ndi munthu wa nsalu, za pamsewu sazidziwa, koma sanamvepo kuti ngozi ingabwere ulendo wa makilomita makumi awiri osafika.

"Azayasha ya left manje manje," anatero Levison, kunena kuti ya kumanzere iyaka posachedwa. "Tiyembekeze chabe."

Anayembekeza. Wotchi inakwana 15 koloko akukwera kamtunda, lole ikutulutsa utsi wakuda ngati akuotcha matayala. Madenga a malata a ku Sinda atayamba kuoneka, lole ija inachepetsa liwiro limene inalibe kale, n'kuima pang'ono, kenaka inakhotera kumanja, kulowa pachipata cha malo ogulira thonje. Itangolowa, indiketa inazima.

Munthu wanzeru akanangothamangira kubwalo. Levison anaimitsa vaneti pambali, n'kutsika, n'kuilondola lole ija wapansi, masokosi ali m'mawondo. M'lolemo munatsika mdala wamfupi wa imvi, atavala jekete ngakhale kunkatentha, ndipo anapereka moni wa manja awiri. Levison anamufunsa, mwaulemu umene unamuvuta kuupeza, kuti indiketa ija ankayatsira chiyani kuchokera ku Katete.

Mdalayo anati iye ndi wa ku Vubwi, ndipo mbali ino ya msewu anali asanaiyendepo. Ku Katete anafunsa njira, ndipo anamuuza kuti ayende ndithu, malowo adzawaona kumanja. Sanamuuze kuti ndi patali bwanji.

"Ndiye ndinati ndiyatsiretu, bambo, kuti akumbuyo adziwe kuti ndikhota," anatero. "Masiku ano anthu sayatsa indiketa. Amangokhota ngati ali m'munda mwawo. Ine zimandinyansa kwabasi."

Levison anafunafuna lamulo limene mdalayo waphwanya. Munthuyo anati akhotera kumanja, ndipo anakhoteradi kumanja. Anamutsanzika, n'kubwerera kugalimoto.

Anafika pabwalo mpira uli mkati. Pakati panali Ronald Miti, wezulo ali m'kamwa, akumwetulira, ndipo m'mbali munali anthu awiri otengedwa m'gulu la oonerera, wina atagwira nthambi ya masamba, wina mpango wa mkazi wake. Mayi Lungu anakhala pampando wa sukulu pansi pa mtengo, pepala lili pamwendo. Anayang'ana wotchi yawo, n'kunena kuti mphindi makumi awiri ndi ziwiri. Levison anayamba kufotokoza za lole, za thonje, za tanthauzo la indiketa ya kumanja, koma anadzimva yekha mmene zinkamvekera ndipo anasiyira panjira. Amayiwo anati woimbira sasinthidwa mpira utayamba, ndipo iye akudziwa zimenezo kuposa iwo. Anati popeza abwera ndi mbendera zenizeni, alowe m'malo mwa a nthambiwo. Pamwamba pa pepala lawo, dzina la Levison linali litadulidwa ndi mzere umodzi wowongoka bwino, ndipo pambali pake panali dzina la Ronald.

Choncho Levison Mvula, m'malaya ake atsopano, anathamanga m'mbali mwa bwalo ola limodzi ndi mphindi zingapo, akugwirira mbendera munthu amene sankamuwerengera. Diso lake lonse linali pa Ronald. Ankadikira kuti alakwitse, ndipo ankafunitsitsa atalakwitsa, kulakwitsa kwakukulu koti aliyense aone. Wosewera wina wa ku Sinda anadzigwetsa dala pafupi ndi golo n'kuyamba kugubuduka. Ronald anamuitana ndi dzina, n'kumuuza kuti adzuke, ndipo anadzukadi, wamanyazi. Oonerera anakuwa za penate, Ronald osatekeseka. Chakumapeto, pa mpira wa pakona, wotchinga kumbuyo wa ku Vubwi anaugwira ndi dzanja pamalo amene Ronald sakanatha kuona. Levison anaona. Anaganiza zongosiya mbendera pansi, kuti anthu akuwe ndipo amayi aja alembe, koma dzanja lake linali litakwera kale. Ronald anayang'ana mbenderayo, osafunsa kanthu, n'kuimba wezulo nthawi yomweyo, ndipo anamukwezera Levison chala chachikulu. Zimenezi zinamuwawa kuposa zonse za tsikulo.

Mpira utatha, a ku Vubwi akukwera galimoto yawo, Mayi Lungu anamuitana Levison pansi pa mtengo paja. Ronald anali patali, akumwa madzi ndi osewera.

"A Mvula, inu ndinu akale pa ntchitoyi," anatero amayiwo. "Pepalali lili ndi malo a maganizo a woimbira wamkulu amene analipo, ndipo ku ofesi amawerenga pamenepa poyamba. Ngati pali chokayikitsa, titha kukuitananinso nonse awiri mwezi wamawa. Mnzanuyu mwamuona bwanji?"

Levison anayang'ana pansi. Karimu, amene anaima pafupi akupinda mbendera, anakhosomola kawiri, chifuwa chimene analibe m'mawa. Mawu ochepa akanakwana. Akanatha kunena kuti mnyamatayo amaseka kwambiri ndi osewera, kapena kuti penate ija sakanaiona payekha, ndipo sakanakhala kuti wanama kwenikweni. Anabwereza masewero onse m'mutu mwake, kuyambira pamene anafika mpaka wezulo womaliza, akufunafuna.

"Waimba bwino, madamu," anatero. "Palibe chimene waphonya."

Mayi Lungu analemba mawuwo monga mmene anawanenera, n'kumupatsa cholembera kuti asaine. Levison anapukuta dzanja pakabudula kuti asadetse pepala. Analemba dzina lake lonse, pang'onopang'ono, pamzere wa m'munsi.