Chingamu pa Inveta

Nkhuku khumi ndi zinayi zija ndinaziweta ndekha kwa milungu isanu ndi umodzi. Mayi wa lesitilanti, kasitomala wanga woyamba chimalizireni sukulu, anati adzazitenga Lolemba m'mawa zili zososola kale. Zikamusangalatsa, ndizimupatsa sabata iliyonse.

Filiji inabwera Loweruka ndi alamu, amuna awo a achemwali anga. Inali yatsopano, ikununkhira pulasitiki. Magetsi a kwathu ndi a sola, ndipo inveta yake ndi imene anasiya malemu bambo: kabokosi kotuwa, ka dzimbiri m'makona, kokhala pashelefu kuseri kwa chitseko. Ntchito yake kuyambira kale ndi mababu, wailesi ndi kutchaja mafoni basi.

Atangolumikiza filijiyo, inveta inayamba kulira. Tii, tii, tii.

"Alamu," ndinatero chapansipansi, "mwina katunduyu waikulira."

"Eee, Pulofesa wayamba," anatero alamu. Anagogoda chitseko cha filiji ndi chala. "Tawerenga apa. Alemba chiyani?"

"Inveta."

"Nanga ako kali pashelefuko n'chiyani?"

"Inveta."

"Basitu, ndi pachibale. Mdzukulu wafika, agogo akulira ndi chimwemwe."

Amayi anga anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Ine kabuku ka filijiyo ndinali nditakawerenga. Mawu a pachitsekowo amanena za injini yake, ndipo tsamba lachinayi linachenjeza kuti injiniyo imafuna magetsi osalala, amene mainveta akale satulutsa. Zonsezi zinafika pakhosi n'kubwerera.

Alamu anatulutsa chingamu m'kamwa, n'kuchimata pakabowo kotulukira kulira kuja, n'kukanikiza ndi chala chachikulu. Malovu anatsetsereka pakabokosi ka bambo. Chalacho anapukutira pansalu ya patebulo.

"Mwaona? Agogo atonthola."

Atatsegula filiji, babu la m'kati linayaka. Amayi anawomba m'manja. Ndinapha nkhuku zonse masana omwewo, kusosola, kutsuka, n'kuzisanja m'mashelefu ngati ana ogona. Alamu anakiya chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba.

"Filiji yatsopano satsegulatsegula. Imayamba yasonkhanitsa chisanu masiku awiri. Ndikudziwa iwe, uzingosuzumira."

Lamlungu ndinaika khutu pambali pa filijiyo. Inkangoti khethe, kenako zii. Khethe, zii. Chitseko sichinkazizira n'komwe. Pa labala wake panatera ntchentche zitatu zobiriwira, zonenepa, zikusisita manja. Ndinawaimbira alamu.

"Zamakono sizichita phokoso, mlamu," anatero akutafuna. "Ntchentchezo nazonso zabwera kudzaona katundu watsopano."

Ndinati zikomo. Mpaka lero zimandinyansa kuti ndinati zikomo.

Lolemba alamu ndi mayi wa lesitilanti anafikira limodzi, wina ndi kiyi, wina ndi beseni. Pansi pa filiji panali patayenderera madzi ofiirira, omata kumapazi. Chitseko chitatseguka, fungo linatimenya ngati mbama. Babu lija linkayaka bwinobwino, kuunikira nkhuku zotupa, khungu lobiriwira, loterera. Pa imodzi panali tinthu toyera tikuyenda.

Amayi anathawira panja. Mayi wa lesitilanti anatseka mphuno ndi mpango.

"Mwanawe, zimenezi ndiye umati ndikadyetse anthu?" Anavundikira beseni lake. "Ndikafuna kwina. Usavutike n'kundiimbira."

Alamu analavulira pawindo, n'kuyang'ana kudenga.

"Komatu nkhuku za masiku ano," anatero. "Mwina zinali zodwala kale."

Ndinapita kuseri kwa chitseko, pashelefu ya inveta. Chingamu chija chinali chitauma, chitada ndi fumbi, nyerere ziwiri zitafera momwemo, mano a alamu akuonekabe. Ndinachikanganula ndi zikhadabo. Nthawi yomweyo inveta inayambiranso. Tii, tii, tii. Masiku awiri onse inkalira chomwecho, itatsekedwa pakamwa.

Ndinagwira dzanja la alamu, kulitambasula, n'kuikamo chingamucho.

"Chanu ichi, alamu. Agogo anali asanamalize kulankhula."

Ndinazula pulagi ya filiji, kulira kunasiya. Kenako ndinatenga khasu kukakumba dzenje kuseri kwa khola.