Wodwala Wogwira Fosholo

Bambo Hamilton Matewere anali katswiri wozonda odwala. Mmalawi akangogonekedwa m'chipatala ku Indianapolis, iwo amakhala atanyamuka kale kwawo ku South Bend, malalanje ali pampando wakumbuyo, nyimbo ili pakamwa. Kwa zaka zambiri anaima m'mbali mwa mabedi a anzawo, ndipo tisabise mawu, mumtima ankadikira tsiku lawo.

Tsikulo linafika dokotala atawapeza ndi heniya, kachotupa ka m'munsi mwa mimba komwe kanadza chifukwa chonyamulira anthu masofa posamuka. Atamva za opaleshoni mantha analipo ndithu, koma chimwemwe chinaposa. Anagula zovala zogonera zatsopano. Ngakhale kabuulidwe anayeserera m'bafa.

Amene anawalakwira ndi loboti. Dokotala anangokhala pakona n'kumayendetsa timanja take tachitsulo. Timanjato tinalowera pa timabowo ting'onoting'ono, n'kukonza pong'ambikapo, basi. Dzuwa lisanalowe, akazi awo, a Evelina, anali akuwaveka nsapato.

"Ndiye kuti sindigona kuno?" anafunsa a Matewere.

"Akudischajani, bambo. Angoti musanyamule zolemera," anayankha a Evelina.

Kunyumba anavundukula malaya n'kupeza timapulasitala tosakwana n'chala chomwe. Munthu ungaonetse chiyani pamenepa? Pofuna kutsirizitsa, a Evelina analemba pagulu la pafoni la mpingo kuti zonse zayenda bwino, ali kunyumba. Anthu anayankha ndi tizithunzi ta manja opemphera. Timanja tokhatokha, popanda ndi mmodzi yemwe woti odi.

Izi zinawapweteka kuposa chilonda. Anagona chogonera pasofa, khutu lili kukhomo, kudzifunsa ngati maulendo awo onse aja anangothira madzi pamsana pa bakha.

Loweruka kunacha kutagwa chipale chofewa. A Matewere anadzuka atakwiya.

"Poti dziko lonse lagamula kuti ndachira, ndachira!"

"Inu, mung'ambula zimene asoka," anatero a Evelina, koma ankalankhula ndi chitseko. Bambo anali kale panja, fosholo yochotsera chipale ili m'manja, chipewa chili chopendama.

Asanatape n'komwe, basi yaing'ono ya mpingo inakhota n'kuima pamaso pawo. Munatuluka anthu a ku Indianapolis, wina ndi malalanje, wina ndi nkhuku yogula ku Lafayette Road, onse nkhope zachisoni atazikonza kale. Anangoti kukamwa yasa.

Woyamba kupeza mawu anali Mayi Chrissie, namwino wopanda nthabwala pa za odwala.

"A Matewere! Ife tasinthanitsa mashifiti sabata yonse, tadraiva m'chipale chonsechi, kudzaona munthu woimirira? Ikani pansi chimenecho!"

"Ndimangoiona ngati ili bwino," anatero bambo, manyazi atawagwira.

"Loboti yasoka bwino, inu mukufuna kuphwasula. A Dixon, alandeni."

A Dixon, mkulu wa mpingo, analanda fosholo. Ena awiri anawagwira m'khwapa bambowo ngati dengu la mazira, kuwalowetsa m'nyumba, kuwagoneka pabedi, bulangete mpaka m'khosi. A Evelina anatsamira khoma, misozi ili mbwee ndi kuseka.

Kenako Mayi Chrissie anatulutsa gulu lonse panja n'kutseka chitseko. A Matewere anatchera khutu. Kodi akwiya, akubwerera?

Kunamveka kugogoda kwaulemu.

"Odi kuno! Tamva kuti muno muli matenda."

"Lowani," anayankha a Evelina, akupukuta m'maso.

Analowa mwakachetechete, mmodzimmodzi, n'kuzungulira bedi. Wina anayambitsa nyimbo chapansipansi. Mayi Chrissie anagwada, n'kuwagwira dzanja.

"Pepanitu, bambo. Mwadzuka bwanji?"

A Matewere anayang'ana nkhope zonse zija, ndipo misozi imene inatsika sinali yoyeserera.

"Pang'onopang'ono," anatero ndi mawu ofooka, akumwetulira mpaka mano onse kuonekera.