Uta Wosaluma Dzanja

Adokotala sanapite m'mbali. Anawauza ababa kuti chigongono chikatupanso, za mauta aziiwale. Ine mtima unangoti phwa, chifukwa chimwalirire amayi, kubwalo loponyera mivi ndi kokhako kumene ababa ankapita n'kubwerako akuseka.

Uta umene ankaponyerawo ndinawagulira ndine, ndipo ndinkayenda nawo chinyachinya. Anandisankhira ndi alamu anga, amene kuseri timawatcha a Ndikudziwa. "Tengani uwu, wopepuka, wothamangitsa muvi," anatero. "Zoti umanjenjemera zisakudetseni nkhawa, ukamayamba kunjenjemera muvi umakhala utapita kale." Chonyansa n'chakuti sananame.

Loweruka ndinawatenga ababa kupita kusitolo ya mauta. Mwini wake ndi mayi wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe, wosachedwa ndi malonje. Anatilowetsa m'kachipinda kakuseri, n'kuwaimika ababa mapazi atatu okha kuchokera pa chandamale.

"Ponyani ndi uta wanu womwewu, bambo, koma mutsinzine."

Ine paja sindichedwa kupsa mtima. "Mayi, tabwera kudzafuna thandizo, si kudzasewera chibisalirano."

"Inu musayang'ane muvi," anandiyankha osanditembenukira n'komwe. "Yang'anani dzanja la bambo anu."

Ababa anakoka. Asanasiye chingwe, zala zinafinya uta, phewa linakwera, nkhope inachita makwinya ngati munthu wodikira jekeseni. Kenako thwa! Uta unagwedeza mkono wonse mpaka m'khosi.

"Mwaonatu," anatero mayiyo. "Muvi sumva kunjenjemera, n'zoona. Koma dzanja limamva, ndipo siliiwala. Bambowa akuuopa uta wawo, n'chifukwa chake amaufinya. Akaufinya, nkhonya yonse imathera m'chigongono."

Manyazi anandigwira. Chaka chathunthu ndinakhala ndikuwaombera m'manja, maso ali pa chandamale.

"Ababa, bwanji simunanene?"

"Unali mphatso yako, mwana wanga," anatero akusisita mkono. "Ndikanayambira pati?"

Ndinayang'ana kudenga kuti misozi ibwerere kumene inachokera.

Mayi uja anatulutsa mauta asanu, n'kumawapatsa umodziumodzi, ababa ali chitsinzinire. Woyamba anaubweza atangoponya kamodzi. Wachiwiri ndi wachitatu chimodzimodzi. Wachinayi unali wakale, wolemerako, penti itasupuka, uli ndi timphira takuda pa chingwe. Pashelefu sindikanaupatsa ngakhale moni. Ababa anakoka, n'kusiya. Uta unangoti fuu, basi. Anaponyanso, ndipo pofika muvi wakhumi zala zinali zitamasuka zokha.

Ndinayamba kutsegula chikwama, koma mayiyo anandigwira mkono. "Musafulumire. Autenge, akaponye mivi makumi atatu lero, inanso mawa. Lachitatu chigongono ndicho chidzatiuze."

Masiku amenewo ndinkaphika chakudya osalawa, mchere ndinathira kawiri. Lachitatu m'mawa ndinawapeza ababa ali pakhonde, atapinda malaya mpaka paphewa. Anatambasula mkono, anaupinda, anautambasulanso. Ndinadina pachigongono ndi chala changa, mwamphamvu ndithu, ndikuwayang'ana m'maso poti pano ndadziwa kuti amabisa. Panalibe chotupa, ndipo sanaphethire.

Mayi ameneyo ndidzamuthokoza mpaka kalekale, ngakhale ndinayamba ndi kumulalatira.

"Tiye tikamuone mayi uja," anatero ababa akutsitsa malaya. "Ukapepese bwinobwino. Pobwera unditsitse kubwalo, ndipo usandidikire."