Tinthenga M'fyuluta

"Ikani dzanja apa, Madamu," anatero Zuhra, makaniko wa ku Biwi, akupotokola kabatani ka eyakoni mpaka pomaliza. "Fani ikulira ngati chigayo, koma mphepo ndiye ayi. Gasi alimo. Pali chimene chatseka njira."

Amayi Pauline anaika dzanja potulukira mphepo, n'kupukusa mutu. Dzuwa la Okutobala linali litakwiya, aliyense pagalajapo ali thukuta kamukamu. Koma thukuta la dalaiva wawo, Wakisa Mwalwanda, linali la zina.

Kwa miyezi isanu ndi itatu, kawiri pamwezi, Wakisa akasiya Fiona, mwana wa abwana, kusukulu, ankakhotera ku Kanengo. Kumeneko ankanyamula makatoni a anapiye a tsiku limodzi kupita nawo ku Area 25, kumene mkazi wake Tusekele ankaweta nkhuku zogulitsa. Tianapiye timafa msanga tikabanika m'minibasi, choncho iye ankatiika pansi, kutsogolo kwa mpando, n'kuyatsa fani. Akatsitsa ankasesa, kupukuta, kupopera perefyumu, galimoto n'kukhala mbee! Mtima ukamugunda, Tusekele ankamuseka: "Inu, mantha ngati mwaba ng'ombe. Mbuzi imadya pamene aimangirira."

Lero Wakisa anayesetsa kuti abwere yekha kugalaja, koma Madamu anakana. Ankafuna kuona ndi maso awo.

Zuhra anagwada, n'kuchotsa kabokosi ka kutsogolo kosungiramo mapepala. Analowetsa dzanja mkati, nasolola fyuluta yosefa mphepo. Mayo ine! Chinthu chimene chimayenera kukhala choyera chinali chitamatirira tinthenga tachikasu, tofewa, tothithikana ngati bulangeti. Nthawi yomweyo foni ya Amayi Pauline inalira, ndipo anapita pamthunzi kukayankha.

Zuhra ananunkhiza fyulutayo. Kwawo ku Kawale nayenso anali ndi khola, fungo limenelo silikanamusokoneza.

"Achimwene," ananong'ona, "galimotoyi imaikira mazira?"

"Chonde, mlongo wanga." Wakisa anasuzumira kumene kunali Madamu. "Zaka khumi ndi chimodzi ndili pa ntchito imeneyi. Ana atatu, onse ali pasukulu. Musandivule pagulu."

"Mwadzivula nokha. Mumasesa pooneka, osadziwa kuti galimoto ili ndi mapapo?"

Madamu anabwerera akuika foni m'chikwama. "Mwapeza chiyani?"

Zuhra anatembenuza fyuluta, mbali ya tinthenga n'kuyang'ana pansi. "Fumbi la Lilongwe, Madamu. Tiika yatsopano, muzizidwa mpaka mufune juzi."

Wakisa anapuma. Mtima unakhala pansi.

"Fumbi," anabwereza Amayi Pauline, nkhope itagwa. Anatsamira galimoto ngati munthu wotopa ndi ulendo. "Ndimayembekeza kuti mwina mupeza china. Mwana wanga uja, Fiona, chiyambire Malichi wagonekedwa katatu ndi mphumu. Adokotala angondiimbira, akufunsabe funso lomwe lija: kodi kwanu mumaweta mbalame kapena nkhuku? Nkhuku ine ndiiweta pati? Mphaka ndinapatsa anthu. Kapeti ndinachotsa. Mapilo ndinatentha. Koma akangochoka kusukulu, pofika pageti wayamba kale kulira m'chifuwa."

Kuseri wina ankamenya chitsulo, ngwe, ngwe, ngwe.

"Tsopano ndikukayikira mtsikana wantchito," anapitiriza. "Mwina sasesa bwino kuchipinda. Mwezi ukatha azipita."

Zuhra sanayang'anenso Wakisa. Anayenda pang'onopang'ono kulunjika ku mgolo wa zinyalala, fyuluta ili m'manja.

Wakisa anayamba kumunyamula Fiona ali ku sukulu ya mkaka. Ndi mwana amene ankamutcha "ankolo", amene ankamusungira bisiketi m'chikwama cha sukulu. Ulendo wachiwiri umene mphumu inamugwira, ndi iye Wakisa amene anathamanga naye kuchipatala, mayi ake atamufukata kumbuyo, masana dzuwa likuswa mtengo. Anatseka mawindo onse kuti fumbi lisalowe, n'kutsegula eyakoni mpaka pomaliza, ati kumuthandiza mwana kupuma. Manyazi anamugwira, ndipo anadzida.

Akanatha kungokhala chete. Fyuluta yatsopano ikanalowa, iye n'kusiya za anapiye, nkhani n'kufera m'mgolo. Koma mayi uyu akanapitiriza kutentha mapilo, ndipo mwana wa eni akanachotsedwa ntchito pa mlandu wa nkhuku zimene sanazionepo.

"Musataye," anatero Wakisa. "Mlongo, aonetseni Madamu mbali inayo."

Zuhra anaima. "Mwatsimikiza, achimwene?"

"Aonetseni."

Amayi Pauline anatsina tinthenga pang'ono, n'kutipekesa pakati pa zala. Anayang'ana Wakisa, ndipo iye anafotokoza zonse: Kanengo, makatoni, Area 25, perefyumu. Sanachepetse maulendo ngakhale umodzi. Ankadikira kukalipiridwa, mwinanso khofi, koma mayiyo anangopitiriza kupekesa tinthengato.

"Tsiku lija munkathamanga naye," anafunsa motsitsa, "mukupemphera mokweza m'chinenero chakwanu, munkadziwa?"

"Sindinkadziwa, Madamu. Mulungu ndi mboni. Ndadziwa lero, pano."

"Koma kuti galimoto si yanu munkadziwa."

Wakisa anawerama.

"Ndiikireni m'jumbo chinthuchi," anauza Zuhra. "Ndikaonetse adokotala. Ndipo mutsuke njira zonse za mphepo, musasiye kanthenga ngakhale kamodzi."

Ntchitoyo inatenga ola lathunthu. Zuhra atayatsa, mphepo yozizira inatuluka mwamphamvu mpaka kuulutsa timapepala ta pa dashibodi. Panalibe woisangalalira.

Amayi Pauline anatsegula buti, natulutsa jekete la Wakisa ndi kabuku kake ka nyimbo za kutchalitchi, n'kumupatsira m'manja. Kenako analowa kumpando wa dalaiva, naukokera kutsogolo.

"Mtsikana uja mwamupulumutsa, zikomo," anatero. "Koma mwana wanga sindingakupatseninso. Ndikamutenga ndekha." Anagwira chiwongolero, misozi ili lengelenge m'maso. "Akafunsa kuti ankolo ali kuti, ndimuuze chiyani, a Mwalwanda?"

Wakisa anangoyang'ana jekete ndi kabuku m'manja mwake. Madamu anadikira pang'ono, kenako anakweza galasi.